Makorali anga akufa nditangowalandira kwa anzanga: vuto ndi madzi kapena ndi mbewuyo?

Funso: Ndaweta mbuna kwa zaka 6 kuno ku Johannesburg, ndipo miyezi 5 yapitayo ndinayamba thanki ya madzi amchere ya malita 250. Anzanga oweta makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zomera pa miyala, andigawira tiziduswa 6 ta mitundu yosiyanasiyana. Hammer wafota ndipo mutu wake umodzi wachita zinthu zabulawuni zonanda, Montipora ali ndi zigamba zoyera m'mphepete, Acropora wayamba kuyera kuchokera kunsi. Zoanthus okha ndi amene akukula. KH (mlingo wa carbonate m'madzi) ndikayeza nthawi zina ndi 7, nthawi zina 11. pH ikatsika ndimathira buffer, mankhwala oikweza. Nitrate ndi phosphate zili pa 0. Ndikulakwitsa chiyani? Ndingayambe liti kusinthana ndi anzanga? Ndipo ndingatengeko tiziduswa popita kwathu ku Lilongwe, kumene mphwanga akufuna kuyamba thanki yake?

Yankho: Achimwene, m'funso mwanumu muli mavuto awiri osiyana, ndipo mukawasakaniza mudzataya ndalama pa mankhwala osafunika. Acropora woyera kuchokera kunsi nthawi zambiri amasonyeza madzi osakhazikika. Montipora wa zigamba m'mphepete amasonyeza chilombo chimene chinalowa limodzi ndi kachiduswako. Hammer angathe kukhala ndi zonse ziwiri. Tiyambe ndi madzi, chifukwa korali amene ali m'madzi osinthasintha sachira ngakhale mutamuchotsera zilombo zonse.

Buffer ameneyo musiyeni lero lomwe. Chizolowezi chimenechi mwachitenga kwa mbuna, ndipo kumeneko chimagwira, chifukwa nsomba za m'nyanja ya Malawi zimapirira madzi akalimba pang'ono kuposa dzulo. Korali wa chigoba ndi wina. Amamanga chigoba chake pogwiritsa ntchito calcium ndi carbonate za m'madzimo, ndipo KH ikalumpha kuchoka pa 7 kufika pa 11 masiku ochepa, mnofu wake umayamba kusupuka, kawirikawiri kunsi kumene kuwala ndi mafunde sizifika bwino, kapena kunsonga. Zikafika poipa ndi pamene KH ili pamwamba pomwe nitrate ndi phosphate zili pa 0, monga zilili kwa inu: chigoba chimafuna kukula msanga koma mnofu ulibe chakudya choti utsatire. Buffer aliyense wokweza pH amakwezanso KH. Ndipo pH yotsika m'thanki ya madzi amchere nthawi zambiri siichokera ku kusowa kwa buffer, imachokera ku mpweya wa carbon dioxide wa m'nyumba, makamaka nyengo yozizira ya ku Gauteng pamene mawindo amakhala otseka usana ndi usiku. pH ya pakati pa 7.8 ndi 8.3 ndi yabwino. Ikatsika kuposa apo tsegulani windo, kapena kokerani panja kapaipi ka mpweya ka skimmer, makina ochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa ntchito thovu.

Nambala yoti muziyang'anitsitsa ndi KH. Sankhani malo amodzi pakati pa 7.5 ndi 8.5 dKH (muyeso wa KH) n'kukhala pomwepo. Ngati lero ili pa 11 musaitsitse ndi mankhwala. Isiyeni itsike yokha pamene makorali ndi ndere zolimba zapinki zikuidya. Ikafika pa 8, yezani masiku atatu otsatizana pa ola lomwelo, osathira kanthu, kuti mudziwe kuti thanki yanu imadya zochuluka bwanji pa tsiku. Thanki ya miyezi 5 ya tiziduswa tochepa siidya kwambiri, mwina 0.2 mpaka 0.5 dKH. Chimene yadyacho ndi chimene mumabwezera, pang'onopang'ono tsiku lililonse, osati kudikira Loweruka n'kukhuthula za sabata yonse.

Masamu ake ndi awa. Soda wophikira wamba, wopanda china chosakanizidwa, magalamu 3 m'malita 100 amakweza KH ndi 1 dKH. Thanki yanu ya malita 250 mukachotsera miyala ndi mchenga ili ndi madzi pafupifupi malita 200, ndiye ngati imadya 0.5 dKH pa tsiku mufunika magalamu 3 a soda, osungunulidwa m'kapu ya madzi oyera n'kuthiridwa pamene pampu ikukankha madzi mwamphamvu. Musamakweze kuposa 1 dKH pa tsiku. Calcium amatsika limodzi ndi KH, pafupifupi 7 ppm (mamiligalamu pa lita) pa 1 dKH iliyonse, n'chifukwa chake mukamuyeza amaoneka ngati sakusuntha: kuchoka pa 420 kufika pa 416 choyezera cha kunyumba sichingaone. Mubwezereni ndi calcium chloride dihydrate, amene galamu imodzi m'malita 100 amakweza pafupifupi 2.7 ppm, pa chitsanzo chathuchi ndi magalamu pafupifupi 2.5 pa tsiku. Soda ndi calcium musaziphatikize m'kapu imodzi, ndipo muzisiyanitsa nthawi yothira ndi mphindi zosachepera 15, apo ayi zimagwirana n'kukhala fumbi loyera lomata pa hita ndi m'mapampu. Calcium akhale pakati pa 400 ndi 450 ppm, magnesium pakati pa 1250 ndi 1400. Magnesium akatsika kwambiri, KH ndi calcium zimakana kukhazikika ngakhale muthire motani, chifukwa iyeyo ndi amene amaletsa ziwirizi kugwirana m'madzi.

Musanakhulupirire nambala zonsezi, onetsetsani mchere. Madzi akhale pa 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi), kapena kuti 1.026 pa refractometer, chida choyezera mchere, ndipo chidacho muchilinganize ndi madzi ochita kugula a 35 ppt, osati madzi opanda mchere, chifukwa zida zambiri zotchipa zikalinganizidwa pa ziro zimanama zikafika pa 35. Madzi akamauma mcherewo umatsala m'thankimo, ndiye obwezera tsiku ndi tsiku ndi madzi opanda mchere, odutsa m'makina osefa madzi a RO/DI, amene pa mita ya TDS, yoyeza zosungunuka m'madzi, akuwerenga 0. Simunanene madzi amene mumagwiritsa ntchito. Ngati ndi a pampopi othira mankhwala ochotsa chlorine monga mumachitira ndi mbuna, lekani: mankhwala amenewo sachotsa silicate, phosphate kapena mkuwa wochokera m'mapaipi, ndipo mkuwa ngakhale wochepetsetsa umapha makorali, nkhono ndi shrimp. Pa chifukwa chomwecho, chitsulo chilichonse cha brass chisakhudze madzi a thankiyi. Kusintha madzi kukhale 10 peresenti pa sabata kapena milungu iwiri, osakanizidwa dzulo lake, ofanana kutentha ndi mchere. Chizolowezi cha kwa mbuna chochotsa theka la madzi kamodzi n'kamodzi chisiyeni.

Za nitrate ndi phosphate pa 0, ambiri ochokera ku nsomba za madzi opanda mchere amasangalala nazo, koma kuno ndi njala. M'mnofu wa korali mumakhala tindere tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timagwiritsa ntchito kuwala kupanga chakudya cha koraliyo, ndipo tindereti timafuna nitrogen ndi phosphorus. Zikasowa korali amatuwa, ndipo nthawi zambiri pamchenga pamabwera ma dinoflagellates, zinthu zabulawuni zonanda zokhala ndi thovu zimene zimavuta kuzithetsa. Nitrate ikhale pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Onjezerani chakudya cha nsomba, chotsani mankhwala oyamwa phosphate ngati munaika, ndipo skimmer mutha kumuzimitsa maola angapo pa tsiku mpaka nambala zitaoneka. Zoyezera phosphate zofananiza mitundu ndi maso sizionetsa bwino pa mlingo wochepa chonchi. Kachida kowerenga manambala monga ka Hanna ndi kothandiza.

Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Kukapitirira 29 kwa masiku angapo korali amataya tindere take n'kuyera. Magetsi akazima, nyale si nkhawa, makorali amapirira masiku angapo mu mdima. Chimene chimapha msanga ndi madzi oima, chifukwa mpweya umatha m'maola ochepa, ndipo ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, madzi amasunga mpweya wocheperapo kuposa kugombe. Pampu imodzi ya mafunde ikhale pa batire, kapena khalani ndi kapampu ka mpweya ka mabatire.

Tsopano mbewuyo. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mbewu ya chinangwa yopempha kwa mnansi imabwera ndi khate lake, ndipo mphukira ya nthochi imabwera ndi chisaka, ngakhale wokupatsaniyo ali ndi mtima wabwino. Tiziduswa ta makorali n'chimodzimodzi. Mnzanu sangadziwe kuti thanki yake ili ndi chilombo, chifukwa makorali ake akuluakulu amapirira ndipo mwina ali ndi nsomba ya wrasse imene imazidya; kwa inu kachiduswa ka masentimita atatu kalibe mphamvu zimenezo.

Montipora wanuyo muyang'aneni usiku, patatha ola limodzi nyale zitazima, ndi tochi. Mutembenuzeni. Mukaona tizinthu toyera tamanyenje, totalika mamilimita ochepa, pamalire pa mnofu wamoyo ndi chigamba choyera, ndi tinkhono topanda chigoba timene timadya Montipora yekha. Mazira ake amakhala kunsi, timadontho toyera tounjikana. Pa kachiduswa kamodzi, njira yodalirika ndi kukatulutsa, kuthyola nsonga yabwino yotalikirana ndi chigambacho, kuiviika m'mankhwala, kuimata pa pulagi (kachinthu komatapo kachiduswa) yatsopano m'thanki ina, ndipo zotsalazo kutaya. Mukatero thanki yaikulu ikhale yopanda Montipora aliyense kwa miyezi iwiri kapena itatu kuti totsalira tife ndi njala.

Acropora naye musangomuweruza kuti ndi KH basi. Mutulutseni, mumuike m'kambale koyera ka madzi a m'thanki othira mankhwala oviikira, n'kumupopera madzi ndi sirinji. Pakagwa tinyongolotsi taphwatalala tamtundu wofanana ndi koraliyo, ndiye zimene zikumudya. Zizindikiro zina ndi timabala tozungulira totuwa pa nthambi, ndi mazira abulawuni ounjikana pa chigoba chopanda mnofu kunsi. Palinso tizilombo tachikasu tokhala ndi kadontho kofiira, pafupifupi theka la milimita, timene timachititsa korali kubisa timanja take n'kusiya kukula. Kuti mutione pamafunika galasi lokuza zinthu. Ngati palibe chilombo koma kuyerako kukukwerabe, dulani nthambi theka la sentimita pamwamba pa mzere woyerawo, mumate pena, tsinde mutaye. Komabe ndinene mosabisa: thanki ya miyezi 5 siinakhwime mokwanira Acropora, ndipo akafa musafulumire kufuna wina. Dikirani thanki ikwane chaka, ndere zapinki zitafalikira pa miyala, ndipo muyambire kwa makorali a nthambi a Seriatopora kapena Stylophora amene amakhululuka zolakwa zing'onozing'ono.

Hammer ndiye wosafunika kudikira mawa. Zabulawuni zonandazo ndi matenda amene amatha mutu umodzi m'tsiku limodzi kapena awiri n'kulumphira ku unzake. Zimitsani mapampu, yamwani zonandazo ndi sirinji kuti zisabalalike, tulutsani korali yense, dulani nthambi ya mutu wodwalayo n'kuitaya, ndipo mitu yotsala muiviike m'madzi a m'thanki othira iodine wa Lugol motsatira mlingo wa pabotolo. Pomubwezera muikeni pamene mafunde amangogwedeza timanja take mofatsa. Mafunde amphamvu olunjika amang'ambitsa mnofu pa mano akuthwa a chigoba chake, ndipo matendawa amalowera pa bala loterolo.

Kuyambira pano, kachiduswa kalikonse kochokera kwa munthu wina kazidutsa njira imodzi, kaya wakupatsani ndi mnzanu wa ponda apa n'pondepo. Thumba liyandame mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane. Madzi a m'thumbamo asalowe m'thanki mwanu. Chotsani korali pa pulagi imene wabwera nayo, chifukwa mazira, Aiptasia (tizilombo tofanana ndi maluwa totentha makorali), ndere za Bryopsis ndi za thovu lobiriwira zimabisala pamenepo ndi m'ming'alu ya guluu. Pulagi ndi yotchipa, Aiptasia akafalikira m'miyala mudzalimbana naye zaka. Viikani m'mankhwala monga Coral Rx kapena Revive mphindi 5 mpaka 10 motsatira malangizo, mukupopera ndi sirinji, kenako tsukuluzani m'kambale kena ka madzi a m'thanki. Chofunika kumvetsa n'chakuti mankhwala oviikira amapha zilombo zoyenda koma saapha mazira. N'chifukwa chake kuviika kamodzi kumapusitsa anthu: milungu iwiri kapena itatu zonse zili bwino, kenako mazira aswa. Pamafunika kathanki kapadera ka malita 30 kapena 40, kopanda mchenga ndi nsomba, kokhala ndi hita, kapampu ndi nyale, mmene kachiduswa kazikhala milungu 6 kakuviikidwa sabata iliyonse. Madzi osinthira mutha kutunga m'thanki yaikulu kupita m'kakang'ono, koma osabweza, ndipo sirinji, mswachi ndi zodulira za kumeneko zikhale zakezake. Ngati m'thanki yaikulu muli nsomba zodula, onjezerani nthawi mpaka masiku 76, chifukwa kachilombo ka timadontho toyera ka nsomba za m'madzi amchere kamamatirira pa zinthu zolimba n'kudikira, ndipo popanda nsomba kamafa kokha.

Polowa m'thanki yaikulu kayambire pansi. Nyale za anzanu si zanu, ndipo korali amafa msanga ndi kuwala kochuluka kuposa kochepa. Kwezani pang'onopang'ono pa milungu iwiri kapena itatu. Zoanthus, makorali opanda chigoba otchedwa bowa ndi Hammer amakhutira ndi PAR (mlingo wa kuwala) ya 50 mpaka 150, a nthambi zolimba amafuna 200 mpaka 350, maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Hammer mumusiyire mpata wa masentimita 10 mpaka 15 mbali zonse, poti usiku amatulutsa timanja tataliatali totentha anzake.

Mwafunsa kuti mungayambe liti kugawira ena. Panopa ayi, ndipo chinthu choyamba ndi kuwauza amene anakupatsani Montipora zimene mwapeza, mwaulemu, chifukwa mwina agawira enanso. Yambani pakatha miyezi itatu popanda korali wakufa, popanda chilombo chooneka, KH itakhazikika. Oyamba kugawika adzakhala Zoanthus anuwo, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere bwino. Magulu a Zoanthus ndi Palythoa ena ali ndi palytoxin, imodzi mwa poizoni zoopsa kwambiri zodziwika, ndipo ndi maso simungadziwe kuti uyu ali nayo, uyu alibe. Imalowa pa bala, m'maso, m'kamwa, ngakhale popuma nthunzi. Mu 2018 ku Oxfordshire, ku England, banja lina ndi ozimitsa moto amene anabwera kudzathandiza anatengeredwa kuchipatala pambuyo poti miyala ya m'thanki yatsukidwa m'nyumba. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, tsekani pakamwa, ana ndi agalu akhale kutali, ndipo mwala umene panamerapo makorali amenewa musauwiritse, musauthire madzi otentha, musaukweche uli wouma. Wofunika kutayidwa uviikeni mu Jik wosungunula, panja. Mukamva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, chifuwa kubanika, malungo kapena minofu kuwawa mutagwira makorali, pitani kuchipatala ndipo muwauze madokotala dzina la poizoniyo.

Podula Zoanthus, gobani kachibenthu ka mwala pansi pake m'malo mosenda mnofu. Timitu 3 mpaka 5 ndi kachiduswa koyenera. Matani ndi supagulu wa gel, amene amauma m'madzi ndipo savulaza, pa mwalawo osati pa timitu. Hammer amadulidwa pa nthambi youma pansi pa pamene mnofu wathera, ndi chodulira mafupa kapena kasowo, atabweza kaye timanja. A nthambi monga Seriatopora, masentimita 2 kapena 3. Bowa ndi Sarcophyton, korali wina wofewa, guluu sagwira chifukwa amaterera. Aikeni m'kambale ka timiyala, muphimbe ndi kaneti, adzamata okha pa sabata imodzi kapena iwiri. Mukadula Sarcophyton ikani makala a activated carbon atsopano, poti amatulutsa zinthu zofooketsa makorali a chigoba. Kachiduswa kakhale kwa inu milungu itatu kapena inayi mpaka balalo litapola ndipo mnofu wayamba kuyanga pa pulagi. Kupereka kodula dzulo ndi kumupatsa mnzanu korali amene ayenera kupirira bala, ulendo ndi madzi achilendo nthawi imodzi.

Pogwirizana zosinthana, tumizani chithunzi cha kachiduswa komweko pa kuwala koyera, ndipo nanunso pemphani chotero, chifukwa nyale ya buluu ndi galasi la olenji pa foni zimakongoletsa korali aliyense. Muuzeni mnzanuyo KH, mchere ndi kuwala kumene kakulira, ndi chilombo chilichonse chimene chinaonekapo m'thanki mwanu. Makorali a Xenia ndi green star polyp musamapatse woyamba kumene osamuchenjeza kuti zimakuta miyala yonse. Ponyamula, kachiduswa kalikonse m'kabotolo kake kotseka, kosagubuduka, m'cooler box. M'mwezi wa July botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo likhale pambali pake, losakhudza mabotolowo. Zotsala zosafunika musazitaye m'nyanja mukapita ku Durban kapena Cape Town. Ndere ya Caulerpa taxifolia, mtundu wa m'mathanki, inaoneka m'madzi a ku Monaco mu 1984 n'kufalikira m'magombe a maiko angapo a Mediterranean. Kutola makorali ku Sodwana Bay kapena ku Bazaruto nakonso n'koletsedwa, amenewo ndi malo otetezedwa.

Za ku Lilongwe, lamulo lake ndi ili: makorali onse a chigoba cholimba, kuphatikizapo Hammer, Montipora ndi Acropora, ali pa mndandanda wa Appendix II wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire pakati pa maiko, limene South Africa ndi Malawi anasaina. Kuwaolotsa malire kumafuna chilolezo cha dziko limene akuchokera, ngakhale kachiduswa kakhale kakang'ono ndipo kanakulira m'nyumba mwanu. Ku South Africa zimenezi zili pansi pa Department of Forestry, Fisheries and the Environment, ku Malawi ndi nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire. Zoanthus ndi bowa sali pa mndandandawo, koma ndi zamoyo zolowa m'dziko, choncho funsani kaye nthambi ya za nsomba ndi kampani ya ndege. Pa basi musayese n'komwe: masiku pafupifupi awiri kudutsa Beitbridge ndi kutentha kwa ku Tete, malire atatu, tiziduswa tingathe kufera panjira. Ndipo mphwanuyo sakufunika makorali panopa. Ulendo uno mumutengere makina a RO/DI ndi zosefera zosinthira, mchere wa m'thanki, refractometer ndi madzi ake olinganizira, choyezera KH ndi pampu yoyendera batire. Aike miyala ndi madzi, thanki iyende miyezi inayi kapena isanu akuyeza n'kulemba m'kope, aone mmene ikupiririra kuzima kwa magetsi ndi kutentha kwa mu October, ndipo nthawi imeneyo inuyo mukhale mukulondola mapepala a Zoanthus ndi bowa amene adzayambire.